Opaleshoni ya Timabowo: Mpweya wa M'mimba ndi Impso Zanu

Amayi, amene munamvera sewero lija pa wailesi mukukumbukira za mayi amene anapezeka ndi chotupa pa thumba la mazira, ndipo anamutumiza ku chipatala chachikulu. Atatsitsimuka pambuyo pa opaleshoni, anapeza kuti sanamung'ambe pamimba. Panali timabala titatu tokha, tophimbidwa ndi pulasitala. Pambali pa bedi panali kathumba ka mkodzo, koma mkodzo wake unali wochepa kwambiri.

Apongozi ake, amene anali kumudikirira m'chipatalamo, atayang'ana kathumbako anagwira pakamwa.

"Mwana wanga, akuphera impso anthuwa. Ndamva kuti anakupopa mpweya ngati tayala la njinga. Nanga mkodzo uli kuti?"

Pokambirana za seweroli, amayi ambiri anafunsa funso lomweli. Kodi n'zoona kuti madokotala amalowetsa mpweya m'mimba? Nanga mpweyawo umazitani impso? Apongozi aja anaona zoona, koma anazimasulira molakwa. Mpweya amalowetsadi, ndipo mkodzo umachepadi. Kwa munthu wa impso zabwino, kuchepako n'kwa maola ochepa chabe. Koma pali amayi ena amene impso zawo n'zofooka kale, mwina iwo osadziwa. Amenewa ndiwo ayenera kusamala, ndipo chitetezo chawo chimayambira pa zimene auza dokotala asanalowe m'chipinda cha opaleshoni.

Kodi opaleshoni ya timabowo ndi yotani?

Pa opaleshoni imene tinazolowera, dokotala amang'amba pamimba kuti aone ndi maso ndi kugwira ndi manja. Pa opaleshoni ya timabowo, imene achipatala amaitcha laparoscopy, dokotala amangoboola timabowo tiwiri, titatu kapena tinayi. Kabowo kalikonse kamakhala ka theka la sentimita kapena sentimita imodzi. Pa kabowo ka pa mchombo amalowetsapo kachitsulo kokhala ndi nyali ndi kamera. Chithunzi cha m'mimba chimaoneka pa galasi longa la kanema. Pa timabowo tinato amalowetsapo tizipangizo titalititali todulira, togwirira ndi tosokera.

Njirayi si ya dzulo. Dokotala wa ku Sweden, Hans Christian Jacobaeus, anasuzumira m'mimba mwa odwala ndi kagalasi kotere mu 1910. Mu 1980, dokotala wa matenda a amayi wa ku Germany, Kurt Semm, anachotsa apendikisi kudzera pa timabowo, ndipo mu 1985 mnzake wa dziko lomwelo, Erich Mühe, anachotsa thumba la ndulu mwa njira yomweyi. Kuchokera nthawi imeneyo njirayi inafalikira m'maiko ambiri.

Kwa amayi, madokotala amaigwiritsa ntchito pochotsa zotupa za pa thumba la mazira, pothandiza mayi amene mimba yake yakhala m'chubu m'malo mokhala m'chiberekero, pofufuza chimene chikulepheretsa mayi kutenga pathupi, ndiponso pochotsa thumba la ndulu. Ubwino wake ndi wakuti mabala amakhala aang'ono, ululu umachepa, ndipo munthu amabwerera kwawo msanga.

Musasokoneze ndi maopaleshoni awiri amene mumawadziwa bwino. Opaleshoni yobereketsa mwana sichitika pa timabowo, ndipo salowetsa mpweya. Kutseketsa kwa amayi amene ana awakwanira, kwathu kuno kawirikawiri amachita pocheka kabala kamodzi kakang'ono pamimba, popanda mpweya. Opaleshoni ya timabowo imafuna makina apadera, choncho sipezeka m'chipatala chilichonse.

Mpweya amaulowetseranji?

M'mimba mwa munthu mulibe malo opanda kanthu. Matumbo, chiwindi, chiberekero ndi khoma la mimba zonse n'zogundana. Mukalowetsa kamera momwemo simungaone kanthu. Zili ngati kufunafuna singano pa mphasa pamene neti yagwera pansi: poyamba muyenera kuikweza netiyo.

Mpweya ndiwo umakweza khoma la mimba kuti pakhale danga loonera ndi logwirira ntchito. Saulowetsa m'matumbo kapena m'chifu ayi. Umakhala pakati pa khoma la mimba ndi ziwalo. Mpweya wake ndi carbon dioxide, womwe uja timatulutsa popuma, womwenso umachita thovu mu zakumwa za m'mabotolo. Anausankha chifukwa suyaka moto, ndiponso umasungunuka msanga m'magazi n'kutuluka kudzera m'mapapo.

Mpweyawu salowetsa mwachimbulimbuli. Pali makina amene amayeza mphamvu imene mpweya ukukankhira, pa muyeso womwe uja amayezera BP. Mukamva ku sikelo kuti BP yanu ndi 120 pa 80, muyeso wake ndi womwewo. M'mimba mwa munthu wabwinobwino amene wagona chagada, mphamvuyi imakhala cha pa 5. Pa opaleshoni amaikweza kufika pa 12 mpaka 15, ndipo makinawo salola kuti ipitirire pamene dokotala waika.

Impso zimagwira ntchito yanji?

Munthu ali ndi impso ziwiri, zooneka ngati nyemba, iliyonse kukula ngati chibakera chake. Zili chakumsana, pansi pa nthiti, ina kumanja ina kumanzere. Ntchito yake ndi kusefa magazi. Mwa magazi onse amene mtima ukupopa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limapita ku impso.

Pa tsiku limodzi impso zimasefa madzi a m'magazi okwana pafupifupi malita 180, ndiye kuti ndowa 9 za malita 20. Pafupifupi madzi onsewa zimawabwezera m'magazi. Zimangotaya lita imodzi kapena awiri, pamodzi ndi zoipa za m'thupi, ndipo umenewo ndiwo mkodzo.

Kuti sefa ameneyu agwire ntchito, magazi ayenera kulowa mu impso bwino ndi kutulukamo bwino. Chilichonse chimene chatsekereza njira yolowera kapena yotulukira chimachepetsa mkodzo.

Tsono mpweya umazitani impso?

Pali zinthu zitatu zimene zimachitika pa nthawi imodzi.

Choyamba, mpweya umafinya mitsempha. Mitsempha yobweretsa magazi ku impso ndi yolimba, ndipo magazi ake amayenda ndi mphamvu. Koma mitsempha yotulutsa magazi mu impso ndi yofewa, ndipo magazi ake amayenda mwa phee. Mimba ikadzaza mpweya, mitsempha yofewayi ndi imene imaphwatalala. Amene muli ndi dimba mukudziwa zimene zimachitika ngalande yotulutsa madzi ikatsekeka pang'ono: madzi amaima m'bedi, ndipo ena atsopano salowa bwino. Ndi mmenenso zimakhalira mu impso. Impso yeniyeniyo nayonso imapanikizika.

Chachiwiri, magazi obwerera ku mtima angachepe. Mtsempha waukulu umene umatenga magazi a m'miyendo ndi m'mimba kupita nawo ku mtima umadutsa m'mimba momwemo, ndipo nawonso ndi wofewa. Ukafinyika, mtima umalandira magazi ochepa, choncho umapopanso ochepa. Izi zimakula kwambiri ngati munthuyo analowa mu opaleshoni thupi lake lili lochepa madzi, kapena atataya magazi.

Chachitatu, thupi lenilenilo limalamula impso kuti zisunge madzi. Thupi likamva kuti magazi achepa kuyenda, limayesa kuti kwagwa chilala. Limatulutsa timadzi totumiza uthenga totchedwa mahomoni. Ena amachokera m'mutu, ndipo amauza impso kuti zisataye madzi. Ena amachokera mu impso momwemo, ndipo amachepetsa kukula kwa mitsempha ndi kusunga mchere m'thupi. Zili ngati mayi wanzeru amene waona kuti nkhokwe yatsika, ndipo wayamba kutapa ufa mosamala.

Zotsatira za zinthu zitatuzi ndi zimene apongozi aja anaona: mkodzo umatsika pang'onopang'ono m'kathumba. Mphamvu ya mpweya ikakhala yaikulu, kapena opaleshoni ikatenga nthawi yaitali, mkodzo umachepanso kwambiri.

Kodi ndiye kuti impso zawonongeka?

Kwa anthu ambiri, iyayi. Opaleshoni ikatha, dokotala amatsegula timabowo tija n'kutulutsa mpweya. Mitsempha imatseguka, ndipo magazi amayambanso kuyenda monga kale. Mahomoni aja sazimiririka nthawi yomweyo, n'chifukwa chake mkodzo ungakhalebe wochepa kwa maola angapo. Pofika mawa lake, munthu wa impso zabwino amakhala akukodza monga mwa masiku onse.

Umboni wina ndi uwu. Mu 1995, madokotala a pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, anachotsa impso ya munthu wamoyo kudzera mu opaleshoni ya timabowo, n'kuiika mwa wodwala wina. Lero, m'maiko ambiri kumene anthu amapatsana impso, imeneyi ndiyo njira yozolowereka. Impso imene yapanikizika ndi mpweya kwa maola angapo imakagwira ntchito bwino mwa munthu wina, ndipo imene yatsala mwa woperekayo imapitiriza kumusefera magazi.

Kumbukiraninso kuti opaleshoni yong'amba pamimba nayo imalemetsa impso, chifukwa cha kutaya magazi ndi madzi. Choncho musakane opaleshoni ya timabowo poganiza kuti inayo ilibe vuto. Dokotala ndiye angakuuzeni imene ikuyenera matenda anu.

Ngozi imakhalapo pamene mphamvu ya m'mimba yapitirira 20 kwa nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake makina aja amaikidwa pansi pa nambala imeneyi. Ngozi ina, yomwe ikutikhudza ife kwambiri, ndi ya impso zimene zinali zofooka kale. Munthu wamphamvu akasenza mtolo wolemera amatopa, akatula n'kupuma. Koma wodwala, mtolo womwewo ungamugwetse.

Ndani ayenera kusamala kwambiri?

Matenda a impso ndi achinsinsi. Impso zingafooke kwa zaka zambiri munthu osamva kupweteka kulikonse. Dzifunseni ngati chimodzi mwa izi chikukukhudzani:

* Muli ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, kapena a shuga. Awiriwa ndiwo amawononga impso za anthu ambiri.
* Pamene munali ndi pathupi, BP inakwera, munatupa nkhope ndi manja, kapena munakomoka ndi kugwedezeka ngati wakhunyu.
* Munataya magazi ambiri pobereka mpaka mkodzo unasiya kutuluka.
* Munadwalapo likodzo kwa nthawi yaitali. Likodzo lingatseke njira zotsitsa mkodzo kuchokera ku impso.
* Mumamwa ma ARV. Ena mwa iwo ali ndi mankhwala a tenofovir, amene mwa anthu ena amafooketsa impso. Kachilombo ka HIV nakonso kangavulaze impso.
* Mumamwa pafupipafupi mankhwala a ululu monga brufen, diclofenac kapena indocid.
* Mumamwa mankhwala azitsamba.
* Masiku apitawa munatsegula m'mimba, munasanza, kapena munadwala malungo aakulu.
* Muli ndi matenda a mtima, kapena ndinu wachikulire.

Za mankhwala a ululu aja tifotokozeko pang'ono, chifukwa ambiri timagula pa golosale osafunsa. Magazi akachepa kuyenda, impso ili ndi njira yake yodzitetezera: imatulutsa timadzi totsegula mitsempha yake yaing'ono kuti magazi alowebe. Brufen, diclofenac ndi indocid amatseka njira yodzitetezera imeneyi. Tsono mpweya ukufinya kunja, mankhwala atseka m'kati, munthuyo sanamwe madzi chiyambire dzulo. Chinthu chimodzi pachokha impso ingachipirire, koma zikaphatikizana ingagonje.

Kukhala m'gulu limeneli sikutanthauza kuti simungachitidwe opaleshoni. Kukutanthauza kuti achipatala ayenera kudziwa, kuti akonzekere.

Achipatala amachita chiyani poteteza impso?

Asanakuchiteni opaleshoni amayeza BP ndi mkodzo. Ngati pali chokayikitsa amatenga magazi kukayeza chinthu chotchedwa creatinine. Ichi ndi chinyalala cha m'thupi chimene impso zimataya. Chikachuluka m'magazi, ndiye kuti impso sizikusefa mokwanira.

Amakuikani dripi kuti m'thupi mukhale madzi okwanira mpweya usanalowe. Dripiyo amaithira moyeza, chifukwa madzi ochulukitsa nawonso amalemetsa mtima ndi mapapo.

Pa opaleshoni yaitali amaika kapaipi m'chikhodzodzo kuti mkodzo uzitsikira m'kathumba. Namwino akamabwera kudzayang'ana kathumbako ndi kulemba m'buku, dziwani kuti akuyeza ntchito ya impso zanu. Achipatala amayembekezera kuti mayi wolemera makilogalamu 60 atulutse mkodzo wosachepera mamililita 30 pa ola, ndiye kuti masupuni awiri aakulu. Musataye mkodzo wa m'kathumba namwino asanauone, ndipo muuzeninso amene akukudikirirani.

Kwa mayi wa impso zofooka, dokotala angatsitse mphamvu ya mpweya kufika pa 8 kapena 10, angayesetse kufupikitsa opaleshoni, ndipo amapewa mankhwala olemetsa impso. Mayi wapathupi nayenso angachitidwe opaleshoniyi pakafunika kutero, koma amamusamala mwapadera. Choncho ngati mukukayika kuti mwaima, nenani.

Inu muchite chiyani musanalowe?

1. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ngakhale akale amene anadzaza. M'menemo ndi mmene muli mbiri ya BP yanu ya pa sikelo.
2. Tengani mankhwala onse amene mumamwa, muwaonetse. Nenaninso za azitsamba. Namwino sakufunsa kuti akukalipireni. Akufuna kudziwa katundu amene impso zanu zasenza kale.
3. Musasiye ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga mwa inu nokha. Funsani kuti, "Adokotala, m'mawa wa opaleshoni ndimwe ati, ndisiye ati?" Pali ena amene amauza munthu kuti adumphe tsiku limenelo.
4. Funsani nthawi yeniyeni yosiyira kudya ndi yosiyira kumwa. Kawirikawiri chakudya amaletsa maola 6 opaleshoni isanachitike, pamene madzi akumwa amaloleza mpaka kutatsala maola awiri. Tsatirani zimene akuuzani pa chipatala chanucho. Osadziwonjezera nokha kusala. Tsiku la dzulo lake imwani madzi mokwanira.
5. Ngati opaleshoni yachedwa ndipo mwakhala maola ambiri osamwa kanthu, uzani namwino.
6. Ngati mwatsegula m'mimba kapena mukusanza, nenani musanalowe, ngakhale mukuopa kuti akubwezani. Kudikira masiku angapo n'kwabwino kusiyana ndi kuvulaza impso.

Nanga mukatuluka?

Mukaloledwa kumwa, imwani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Yang'anani mkodzo wanu. Woyera kapena wachikasu pang'ono ndi wabwino. Wochepa ndi wodera ngati tiyi wopanda mkaka ukukuuzani kuti thupi likufuna madzi, kapena kuti impso zikuvutika.

Amayi ambiri amamva kupweteka pa phewa, makamaka lakumanja, kwa tsiku limodzi kufikira atatu. Izi si impso ayi. Kampweya kotsalira kamakwera n'kukhudza mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, ndipo mtsempha wa mnofuwu umalumikizana ndi wa pa phewa. Kuyendayenda pang'ono kumathandiza. Imwani mankhwala a ululu okhawo amene achipatala akupatsani. Panado salemetsa impso akamwedwa pa mlingo wake. Osagula brufen kapena diclofenac wowonjezera musanafunse.

Nthawi zina mayi amalephera kukodza pamene chikhodzodzo chadzaza ndipo pachinena pakupweteka. Apa impso zikugwira ntchito, koma chikhodzodzo sichinadzuke ku mankhwala ogonetsa. Namwino amathandiza msanga ndi kapaipi. Musapirire chifukwa cha manyazi.

Bwererani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, mukaona chimodzi mwa izi:

* Papita maola 8 osakodza, kapena mkodzo ukuchepera m'malo mochuluka.
* Nkhope, zikope kapena mapazi zikutupa.
* Mukusanza chilichonse, ngakhale madzi.
* Mimba ikukula, ikuuma, ndipo ululu ukuwonjezeka.
* Thupi latentha, kapena mukubanika popuma.
* Mukugona tulo tosadzuka bwino, kapena achibale akuona kuti mwasokonezeka mutu.

Impso imene yavulala mwadzidzidzi nthawi zambiri imachira ikathandizidwa msanga, mwina ndi dripi ndi kusiya mankhwala oipweteka basi. Ikachedweredwa, munthu angafike posowa makina osefa magazi, amene kwathu kuno amapezeka m'zipatala zowerengeka monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ulendo wa ku chipatala usiku umodzi ndi wotsika mtengo kuposa umenewo.

Mayi wa m'sewero uja zinamuthera bwanji?

Mukukumbukira kuti namwino anakhala pansi ndi apongozi aja nawafotokozera. Mkodzo unayamba kuchuluka madzulo omwewo, ndipo pofika m'mawa kathumba kanali katadzaza. Koma mukukumbukiranso chimene chinachitika opaleshoni isanachitike. Mayi uja anafuna kubisa kuti pa mimba yake yachiwiri BP inakwera, ndiponso kuti kwa miyezi itatu anali kumwa brufen tsiku ndi tsiku chifukwa cha ululu wa chotupa chija. Ankaopa kuti akanena, amubweza, ndipo ndalama ya ulendo ipita pachabe. Mlamu wake ndiye anamulimbitsa mtima.

"Alamu, kauzeni zonse. Amene akukagwira mimba yanu inu muli mtulo ndi iwowo. Akadziwa bwanji mukapanda kunena?"

Atanena, achipatala anamuyeza magazi, anamusiyitsa brufen, namuika dripi m'mawa wa opaleshoni. Mpweya unali womwewo, makina omwewo, koma impso zake zinalowa zitakonzeka. Pa opaleshoni, makina ndi mpweya zili m'manja mwa dokotala. Mbiri ya thupi lanu ili ndi inu, ndipo palibe wina angaifotokoze mutagona.

Mafunso oti mukambirane pa gulu

1. Kodi apongozi aja analondola pati, ndipo analakwitsa pati?
2. N'chifukwa chiyani ena a ife timabisa kwa achipatala za mankhwala azitsamba ndi ogula pa golosale? Tingathandizane bwanji kuti tizinena?
3. Ndani pakati pathu amene BP inakwerapo pa nthawi ya pathupi? Kodi munayezetsanso BP chibadwire mwanayo?
4. Inu mutakhala wodikirira wodwala amene wangochitidwa opaleshoni, mungayang'anire zizindikiro ziti?